Mbale Yachiwiri ya a Hosea

Tryness Ng'uni ndinakhala naye nyumba imodzi zaka zitatu, pa sukulu ina ya pulayimale ku Chikwa, ndipo ndinene poyera kuti sindinaonepo munthu wamantha wokonda zoopsa ngati iye. Mphemvu ikatuluka m'kapu ankakuwa mpaka ana a nyumba yoyandikana nafe kuthamangira kudzaona chachitika. Koma mumpatse nkhani ya nyumba yamizukwa, ankaiwerenga akumwetulira, uku akusenda mtedza. Mpaka lero akadali pa sukulu yomweyo, akuphunzitsa Giredi 4, ndi nsapato zake zakuda zosokedwa kawiri.

Ine ndine Hazel, kwathu ndi ku Kabwe. Boma linanditumiza kuchigwa cha Luangwa ndisakufuna, ndipo chaka choyamba ntchito yanga yaikulu inali kudandaula za kutentha. Tryness anali mwana wa m'boma lomweli la Chama, wobadwira ku Tembwe, kwa makolo olima chimanga ndi mpunga. Chisenga, chilankhulo cha kuchigwako, anayamwira kubere, choncho amayi a m'mudzi ankamutcha NyaNg'uni monga amatchulirana okhaokha, pamene ine ndinkangokhala "Madamu wa ku tauni". Koma Tembwe si Chikwa. Chilankhulo ankachidziwa, koma za m'makomo mwa anthu sankazidziwa, ndipo pa nthawi ya nkhani inoyi anali atangokwanitsa chaka chimodzi pa sukulupo.

Ali wamng'ono ankamutuma kukaingitsa mbalame kumunda wa mpunga. Iye ankakwera pansanja n'kumawerenga chilichonse chimene wachipeza, kaya ndi thumba la feteleza, kaya buku la nyimbo la amayi ake, mbalame zili pa phwando pansi. Chaka china mpunga wa mbali imodzi unatheradi, ndipo bambo ake atatopa ndi kukalipa anati mwana uyu munda wamukana, apite kusukulu mwina kumeneko akathandiza.

Matenda enieni a mabuku anawatola ali ku sekondale pa boma. Tsiku lina anawatuma kukasesa chipinda chosungiramo mabuku akale, ndipo pansi pa mulu wodyedwa ndi chiswe anapeza buku lachingerezi lopanda chikuto, lopanda tsamba loyamba. Munali nkhani zifupizifupi za nyumba zikuluzikulu zokhala pazokha, zitseko zosatsegulidwa, ndi anthu osafuna kuvomera kuti okondedwa awo anamwalira. Analiwerenga ndi dikishonale pambali, tsamba limodzi tsiku lonse, ndipo sanalibweze. Ali ku koleji ku Chipata, mphunzitsi wina analizindikira namuuza dzina la mlembi wake. Dzinalo sinditchula, limandipinda lilime. Akuti anamwalira kalekale agogo athu asanabadwe, ndipo kwawoko amamuyesa kholo la nkhani zoopsa. Mphunzitsiyo anamuuzanso kuti olemba mabuku a ana kumaikoko amakonda kutapa kanthu kamodzi ka mkuluyo n'kukabisa m'nkhani zawo. Mwana amangonjenjemera n'kupitirira, koma wamkulu wodziwa amamwetulira, poti wazindikira kumene kachokera.

Zimenezi zinamulowa m'mutu Tryness ngati nankafumbwe m'chimanga. Ankazitcha "kupereka moni kwa agogo". Ine ndinkamuseka. "Iwe, kuno ku Chikwa ndani anawawerengapo agogo akowo? Ukupereka moni kwa chitsa." Iye ankangoseka n'kupitiriza kulemba.

Kulembako kunali ndi chifukwa. Kalasi lake linali ndi ana 72, mabuku owerenga a Chinyanja asanu ndi anayi okha, ndipo anawo kunyumba amalankhula Chisenga. Ndiye ankapempha makatoni a sopo kumagolosale, n'kuwadula, n'kulembapo nkhani zake ndi zilembo zikuluzikulu, n'kusoka ndi ulusi wa matumba. Analinso ndi kamsampha kake. Nyengo ya mvula ana ambiri sabwera Lolemba, amakhala kuminda kuingitsa anyani. Tryness ankawerenga nkhani Lachisanu poweruka, akafika poopsa penipeni n'kutseka katoni. "Zotsala Lolemba." Ndipo Lolembalo ankadikiranso mpaka poweruka, kuti pasakhale wothawa pa buleki. Kalasi lake linkadzaza mpaka ena kukhala pawindo, pamene m'kalasi langa munkangolira mphepo. Nsanje ndinali nayo, sindikana.

M'nkhani iliyonse ankabisamo moni wake uja. Ina munali chitseko chokhomedwa misomali m'shedi yakale ya thonje, ina munali kalata yofika mwini wake ataikidwa kale. Koma poti anali ana, mapeto ake ankawatsekemeretsa. Mzukwa unkapezeka kuti ndi mbuzi yosochera, kapena mphepo yolowa pa malata. Makolo ankakondwa poona ana awo akuwerenga zikwangwani za pamsewu, ndipo palibe amene anadandaulapo.

Mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Mitsinje inadzaza, msewu wa ku boma unaduka, ndipo ahedi athu, amene anali atapita ku msonkhano, anatsekeredwa tsidya lija sabata ziwiri. Ndi m'masiku amenewo pamene Tryness analemba nkhani ya mdala wa mbale ziwiri. Anaitapa m'buku lake lija, mmene munali bwana wina wokhala yekha amene ankayalira chakudya mkazi wake wakufa. Iye anachotsa nyumba yosanja n'kuikapo ya udzu, kumapeto kwa mudzi, kuseri kwa dambo. Masana alionse mdalayo ankayala mphasa, n'kuikapo mbale ziwiri, n'kumacheza ndi mbale yachiwiriyo. Kamtsikana kena kanakasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Chiganizo chomaliza cha Lachisanu ndimachikumbukirabe: "Ndipo aliyense woona mbale yachiwiriyo, mbaleyo imamuitana kuti akadye." Gawo la Lolemba linali loti chakudyacho chinkadyedwa ndi galu wopunduka wobisala kuseri kwa mtsuko, ndipo kamtsikanako kanakhala bwenzi la mdalayo. Koma gawo limenelo linatsala m'chikwama.

Anabwera kunyumba akuvina. "Hazel, lero ndawagwira! Palibe anatsokomola. Anangoyang'anana chabe." Ndinamuuza kuti asadzitame, ndipo tinaphika n'kudya. Tonse awiri sitinadzifunse chimene ana a zaka khumi ankayang'anirana.

Lolemba kalasi linadzaza, koma mwakachetechete. Mwiza Zimba, kamtsikana kolongolola kokhala kutsogolo, sikanabwere. Pa buleki tinapita pageti kukagula zitumbuwa, ndipo mayi wogulitsayo anamugwira dzanja Tryness ndi manja awiri.

"Yewo, NyaNg'uni. Mwachita bwino maningi. Ife tinali kuona chabe, koma kukamba tinali kuopa. Imwe mwatitsegula maso."

"Maso pa chiyani, ama?"

"Aa, musabise manje. Za a Hosea. Ana anapita pa Chiweru kukasuzumira, anaona zonse monga mmene munalembera. Mwiza ndiye anali patsogolo. Dzulo wagwa, maso atembenuka, ali ku kiliniki, akungotchula mbale. Amuna apita kale kwa a Hosea na atate a Mwiza."

Tryness anandiyang'ana, milomo itachita mbuu. "A Hosea ndani?" Funsolo linachokera pansi pa mtima, koma mayiyo analiseka ngati nthabwala.

A Hosea Kumwenda, monga mayiyo anatifotokozera titamuumiriza, anali mdala wopitirira zaka 70, kale mmisiri wa mipando, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, kuseri kwa dambo. Mkazi wawo anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Achibale atabwera kudzagawana katundu wa malemu monga mwa mwambo, iwo anapereka zonse, nsalu, miphika, khasu, koma mbale imodzi anaikaniza. Chiyambire pamenepo masana alionse ankayala mbale ziwiri. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo unkati ndi chisoni cha ukalamba, n'kuwasiya. Nyumba za aphunzitsi zili mbali ina ya msewu, ife tinali tisanamvepo.

Chimene chinasandutsa chisoni kukhala ufiti ndi katoni ya sopo. Kuchigwa kuno munthu samutchula dzina pa nkhani yotere. Mkazi akakhala ndi chakukhosi amaimba nyimbo pamtondo, osatchula munthu, koma mudzi wonse umadziwa amene akuimbidwa. Mkulu akafuna kuchenjeza amaponya nthano, ndipo ntchito ya omvera ndi kupeza mwini wake. Ndiye anthu atamva kuti mphunzitsi, mwana wa kuchigwa konkuno, wodziwa mwambo, walemba za mdala wa kuseri kwa dambo wa mbale ziwiri, sanafunse kawiri. Anati galu wamkota sakandira pachabe, aticha aona kanthu. Moni uja wopita kwa mzungu wakufa unakagwera pakhomo pa a Hosea.

Ndinakwera pachulu pamene timagwirira netiweki, n'kuimbira ahedi. Anati akauza apolisi nthawi yomweyo, koma palibe galimoto imene ingaoloke mpaka madzi ataphwa, ndipo tisapite kumeneko zivute zitani. Nditatsika ndinapeza Tryness akutuluka m'nyumba, buku lopanda chikuto lili m'manja, katoni m'khwapa. Ndinamugwira malaya. "Iwe, uzafa. Anthu akakwiya saona dipuloma." Anati, "Ndine ndinayatsa moto uyu, Hazel." Ndinamutsata, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma poti kutsala ndekha kunkandiopsa koposa.

Tinaoloka dambo madzi ali m'maondo. Pakhomo pa a Hosea tinapeza anthu ngati makumi atatu, amuna kutsogolo, amayi kumbuyo. Chitseko chinali chitathyoledwa kale ndi miyala, chikulendewera mbali imodzi. Mdalayo anali atakhala pa mpando wopanga yekha pakhonde, magazi akutsika pamphumi kulowa m'ndevu, osapukuta. Eugene Zimba, bambo wa Mwiza, anali ndi botolo la petulo wa njinga yamoto m'dzanja limodzi, machesi kwinaku. Si munthu woipa Eugene. Ndi amene anatikonzera denga la kalasi mphepo italisasula, ndipo chaka chapitacho anali ataika kale mwana mmodzi m'manda. Maso ake anali psuu ndi kusagona. Mawu amene ankamveka pagululo anali amodzi: nyumba ipse, mdala aoloke mtsinje achoke. Mtsinje wake unali womwewo umene unakanika galimoto.

Tryness anadutsa pakati pawo n'kukaima kutsogolo kwa Eugene, khonde lili kumbuyo kwake. Analankhula Chisenga chosakaniza ndi Chinyanja, ndipo ndilemba monga ndinamvera.

"Ada Zimba, yembekezani. Nkhani ija si ya a Hosea yayi. Ine sindinawaonepo, lero ni loyamba. Ndinaitenga m'buku ili, analemba mzungu wakale maningi, kudziko lakutali."

"Musaope, NyaNg'uni," anatero Eugene. "Mwagwira kale ntchito yanu. Manje chokanipo."

"Mverani chabe." Anatsegula bukulo, mapepala ena akugwa, n'kuwerenga ndime imodzi m'Chingerezi, kenaka n'kumasulira: bwana wokhala yekha, tebulo, mbale ziwiri, mkazi wakufa. Ine mtima unayamba kukhala pansi, ndikuti zatheka. Pamenepo mkulu wina wa ndodo kumbuyo anati, "Mwamva? Ngakhale kwa azungu amachita chimodzimodzi. Buku likuchitira umboni." Gulu lonse linavomera ndi mkokomo. Mboni imene Tryness anabwera nayo inali itamutembenukira.

Anatambasula katoni ya gawo lachiwiri, nawerenga za galu wopunduka, mawu akuthamanga. Mayi wina anakuwa kuti, "Mwalemba lero izo! Wakuopsezani mdala uyu!" Wina anati a Hosea alibe galu, ndipo zinali zoona. Eugene anatsegula botolo, fungo la petulo linatifika. Dzuwa linali litafika paliwombo, ndipo thukuta linkandiyenderera kumsana.

"Onani mkati!" anatero munthu wina. Pa chitseko chothyokacho mphasa inkaoneka, itayalidwa bwinobwino, mbale ziwiri zili pamenepo, iliyonse ili ndi chidutswa cha dzungu lophika ndi chimanga chachiwisi. Miyala inawapeza a Hosea atangomaliza kuyala. "Ikudikira Mwiza iyo," anatero Eugene, mawu akudukaduka. "Ikudikira mwana wanga."

Tryness anaika buku ndi katoni pansi m'matope. Anapita kwa a Hosea, nagwada monga amagwadira mwana wa ku Tembwe pamaso pa mkulu, naomba m'manja pang'ono. "Asekuru, ndachoka kutali, ndili na njala. Mundilole ndidyeko."

Mdalayo anamuyang'ana. Ankadziwa mbale imene ikupemphedwa. Zaka zisanu ndi chimodzi palibe munthu wina anaikhudza, ndipo ndinaona nsagwada zawo zikulimba ngati akana. Kenaka anangosuntha mwendo kuti adutse. Tryness analowa, natulutsa mbale yachiwiriyo, yachitsulo yoyera, yosupuka m'mphepete, nakhala pansi pakhonde anthu onse akuona. Amayi ena anagwira pakamwa. Kuno kudya chakudya cha munthu amene akumuyesa mfiti ndi kudzipereka wekha, kaya kuti ufe, kaya kuti ulowe gulu lake. Munthu woopa mphemvu uja anadya dzungu lozizira, ntchentche zikumuzungulira, anakukuta chimanga, mpaka mbale kuyera.

Ndiulule zanga. Ali mkati modya anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinadziwa kuti akundiitana ndikanyemeko chimangacho. Ine Hazel, wa kwaya ya mpingo, wophunzitsa sayansi ku Giredi 7, ndinayang'ana kumbali. Ndinkaiopa mbale imeneyo. Manyazi ake ndimawamvabe.

"Ada Zimba," anatero Tryness akupukuta pakamwa. "Ngati mbale iyi iitana munthu, yaitana ine, ndipo ndadya. Mwiza alibe nayo ntchito manje. Mawa ndidzadyanso, na mkuja. Musiyeni mwana amalize majekiseni."

Eugene anayang'ana mbale yopanda kanthuyo, botolo lili chitsegulire. Kenaka analitseka pang'onopang'ono. "Mwana wanga akafa, nyumba iyi ipsa. Mukakhalamo imwe, ni zanu." Anatembenuka kupita ku kiliniki, ndipo anthu anamwazika awiriawiri, akucheuka kuona ngati aticha agwa.

Kuyambira pamenepo nyumba ya mdala ndi moyo wake zinadalira mpweya wa kamwana ka zaka khumi. Anesi anatiuza kuti ndi malungo aakulu, aja ofika kumutu, ndipo akanakonda kumutumiza ku chipatala cha pa boma koma njira panalibe. Ankamubaya mankhwala, zotsala zinali zodikira. Lachiwiri Mwiza anakomokanso kawiri. M'kalasi la Tryness munabwera ana khumi ndi mmodzi. Pachitsime amayi ankachotsa zidebe zawo iye akafika, ndipo mayi wa zitumbuwa uja, amene dzulo lake anamugwira ndi manja awiri, anamulambalala ngati chitsa. M'mawa asanalowe m'kalasi Tryness ankakakhala pabenchi kunja kwa kiliniki, mayi a Mwiza osamulola kulowa. Masana ankaoloka dambo kukadya. A Hosea ankamuyalira osanena kanthu, iye n'kudya, n'kutsuka mbale, n'kubwerera. Kunyumba sankalawa china chilichonse, ankangokhala pamphasa atagwira mutu.

Ndinayesa kumuuza kuti si kulakwa kwake, kuti anthu omwe amayesa katoni ya sopo mboni ndi amene ali ndi mlandu, ndipo ndinatukwana mudzi wonse pamodzi ndi udzudzu wake. Anandiyankha kuti, "Chaka chathunthu ndakhala kuno, Hazel. Mzungu wakufa ndimadziwa zitseko zonse za m'nyumba zake, koma dambo ili ndinali ndisanaolokepo." Nanenso ndinali ndisanaoloke.

Lachitatu ndinapita naye, manyazi atandikulira. Ndinakhala patsinde pa mtengo wa mango iye akudya pakhonde. Tili choncho tinaona munthu akuoloka dambo mothamanga, madzi akumwazika mbali zonse. Anali Eugene, yekha, atagwira chinthu m'dzanja. Tryness anasiya kutafuna. A Hosea anaimirira, natenga chipewa chawo pa msomali n'kuvala, monga munthu wokonzeka ulendo. Ine ndinayang'ana kumene ndingathawire.

Eugene anafika ali wefuwefu, naima patali pang'ono. Chimene chinali m'dzanja chinali kapu yapulasitiki. "Wadzuka," anatero. "Wapempha phala. Wamaliza yonse iyi." Anatisonyeza kapuyo ngati sitikhulupirira, ndipo ndikuganiza kuti anaiwala zoti waigwira chichokereni ku kiliniki. Sanapepese. Anayang'ana chitseko chothyoka chija, kenaka bala la pamphumi pa mdala, kenaka pansi. "Pa Chiweru ndibwera na misomali, asekuru." Eugene anabwerera njira yomwe anadzera, ndipo Tryness analira ngati mwana, chimanga chili m'manja.

Misomali inabweradi, ndipo nyumbayo siinapse. Ana anabwerera m'kalasi pang'onopang'ono, ngakhale makolo ena anawakaniza mpaka temu itatha, ndipo alipo ena mpaka lero amene amati Mwiza anachira chifukwa aticha anamudyera mbale. Awo musataye nawo malovu, ine ndinayesa. Koma chimene chinandikhalira pamtima chinachitika masana a Lachitatu lija, Eugene atangotembenuka.

Tryness atatonthola anagwadanso. "Asekuru, mundikhululukire. Ndakupwetekani, koma Mulungu ni mboni, sindinali kukudziwani. Nkhani ija ndinatenga m'buku. Ndinali kungopereka ulemu kwa mlembi wakale, si imwe yayi." Anawapatsa bukulo, limene linali litaumirira ndi matope ake. Mdalayo analitembenuza uku ndi uku ndi manja aumisiri, kuona mmene analisokera, nalibweza osalitsegula. Anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Aticha, musavutike na kubisa, anthu apita," anatero. Aka kanali koyamba kuwamva mawu, ndipo anali otsika, osakwiya. "Ine sindinadandaule kuti munalemba za ife. Zaka zonsezi palibe munthu m'mudzi muno anamutchulapo mkazi wanga, ngati sanakhaleko. Ana atakuwa pa Chiweru kuti tili m'buku la kusukulu, mtima wanga unakondwa. Ndinamuuza na iye."

Anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Koma munalakwitsa pamodzi. Paja munali kuwerenga apa, ndinamva mukuti mkazi wakufa, mkazi wakufa. Anali na dzina. Agness, NyaMvula. Zaka makumi anayi na zitatu tinakhala."

Tryness anatsegula pakamwa kuti afotokozenso za mzungu uja. Ndinamuona akumeza mawuwo. Anakonza chitenje, nakhala bwinobwino pansi.

"Anali munthu wotani, asekuru?"

A Hosea anayang'ana kudambo. "Wapakamwa," anatero. "Wapakamwa maningi. Tsiku loyamba kumuona, anali kutukwana mbuzi ya atate anga." Anaseka, misozi ikutsikira m'ndevu, napitiriza kusimba.